Za Buku Lopanda Mpumiro

Mwezi uno tikambe za buku lachilendo lotchedwa Solar Bones, limene analemba Mike McCormack wa ku Ireland, ndipo linatuluka m'chaka cha 2016. Kusukulu tinaphunzira kuti chiganizo chilichonse chithe ndi mpumiro, koma mlembi ameneyu sanaikemo mpumiro ngakhale umodzi.

Nkhani yake ndi iyi. Pa 2 November, tsiku lopempherera akufa onse, bambo wina, Marcus Conway, ali m'khitchini mwake m'boma la Mayo, namva belu la Mngelo wa Ambuye. Pomwepo ayamba kukumbukira mkazi wake Mairead, ndi ana awo awiri, Agnes ndi Darragh: mikangano yawo, kuseka kwawo, ndi masiku amene anadwazika mkaziyo atamwa madzi oipa. Pang'onopang'ono wowerenga azindikira kuti Marcus anamwalira kale.

Ena adzati kulemba kotere n'kudzionetsera chabe. Ife sititero, pakuti ntchito za pabanja nazonso sizidziwa mpumiro: mwana alira, nsima ili pamoto, wodwala aitana, zonse nthawi imodzi. Mlembi anatsata mayendedwe omwewo, ndipo m'chaka cha 2018 bukuli linalandira mphotho yaikulu ya mabuku ya mzinda wa Dublin.

Tsono taonani chimene wakufayo abwerera: nyumba yake ndi anthu ake. Inu atate ndi amayi, musapeputse masiku wamba a pakhomo panu, pakuti moyo wa banja umangidwa ndi masiku otere.