Moto wa Mapesi Supsetsa Nyemba

Masiku ano ndimamva anthu ena ophunzira, ngakhale pa Boma la Katete pomwe, alikunena kuti sosholizimu inaikidwa m'manda pamodzi ndi ulamuliro wa Kaunda mu 1991, ndi kuti woikumbutsa angotaya nthawi. Ine ndikana mau amenewa. Tsono inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu, amene ambiri a inu mwabwerera kwa Mbang'ombe ndi kwa Kawaza kukagwira khasu, ndikupemphani kuti mukhale pa bwalo ndi kuweruza mlanduwu nokha.

Tiyambe ndi thonje, pakuti ndilo tilidziwa tonse. M'caka ca 2011 mtengo wace unali wokoma, ndipo anthu anakuza minda yao. Pofika 2012 mtengo uja unagwa ndi theka. Alimi a kuno kum'mawa anapsa mtima kwambiri. Ena anakana kugulitsa, ndipo ena anatentha thonje poyera. Mkwiyo wao unali wolungama ndithu. Koma atapita masabata owerengeka, ngongole ya mbeu ndi mankhwala inali cikhalire, ana analikufuna ndarama za sukulu, ndipo thonje linapita pa sikelo yomwe ija. Umenewu ndiwo moto wa mapesi: ulilima msanga, koma nyemba zitsala zaziwisi.

Nanga cinasowa nciani? Cinasowa ndico cimene Karl Marx, mwini buku lochedwa Das Kapital la mu 1867, anaphunzitsa anthu anchito, ndico kufunsa mafunso atatu. Zipangizo za nchito nza yani? Aika mtengo ndani? Phindu lotsala lipita kuti? Yesani mafunsowa pa thonje lathu. Mlimi ali ndi munda, khasu ndi thukuta lace. Koma kuyambira 1994, pamene Boma linagulitsa Lintco, makina ocotsa njere, ngongole ya mbeu ndi njira ya ku msika zakhala m'manja mwa makampani. Mlimi akongola pa nthawi yobzala asanadziwe mtengo, naumva mtengowo thonje liri kale m'matumba. Makampani ananena mu 2012 kuti mtengo wagwa pa misika ya kunja, ndipo sananame. Koma taonani amene anasenza tsokalo: ndiye yemweyo amene asenza cilala ndi mbozi. Aoneka ngati mfulu m'munda mwace, pamene ali wanchito wosalembedwa, wopanda malipiro a pa mwezi.

Izi sizinayambe dzulo. Kampani ya North Charterland inapatsidwa dziko lalikulu mamailosi 10,000 mbali zonse kuno kwathu, ndipo Acewa ndi Angoni anapanikizidwa m'malo ocepa kufikira Boma linagula dzikolo mu 1941. Njala ya minda ndi msonkho zinapirikitsa amuna kunka ku migodi ndi ku mafamu a Azungu. Ku migodi ya mkuwa anchito ananyanyala mu 1935, ndipo anthu 6 anaomberedwa ku Luanshya. Ananyanyalanso mu 1940, nafa anthu 17 ku Nkana. Koma mu 1949 anamanga bungwe lao limodzi, mtsogoleri wace Lawrence Katilungu, ndipo mu 1952 anaima nji masabata atatu, osaphwanya kanthu, mpaka malipiro anakwera. Mkwiyo unali womwewo. Cimene cinasintha ndico cakuti tsopano anali ndi bungwe, thumba la ndarama, ndi anthu odziwa kuwerengera phindu la eni migodi.

Wina adzati, Kodi Kaunda sanayese zimenezi, nanga zinatha bwanji? Funso ili nloyenera, ndipo sindilithawa. Pa Mulungushi mu 1968 Boma linatenga gawo lalikulu m'makampani ambiri, ndipo pa Matero mu 1969 linalengeza kuti litenga magawo 51 pa 100 a migodi. Ndarama za mkuwa zinamanga masukulu ndi zipatala zimene tinaphunziramo ndi kubadwiramo. Koma mwini weniweni sanakhale wanchito kapena mlimi. Anakhala akulu a cipani cimodzi, amene munthu wamba sanathe kuwacotsa kapena kuona mabuku ao. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, tinatsala ndi ngongole ndi mizere yaitali pa masitolo. Zipolowe za unga za December 1986 ku migodi ndi za June 1990 mu Lusaka zinaukira Boma lomwelo limene linalalikira za umunthu. Cotero ndibvomera kuti njira ija inalephera. Koma inalephera pa mafunso atatu omwe aja, pakuti kusintha bwana sikusintha mwini. Ndipo otsutsa anga atiuzenso za njira yao: migodi inatha kugulitsidwa mu 2000, anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito, ndipo mu November 2020 dziko lathu linalephera kulipira ngongole zace za kunja. Ngati kulephera kupha ciphunzitso, bwanji cao sacilira maliro?

Komanso ndiri ndi mau ndi abale athu amene adzicha a kumanzere. Ku New York mu 2011 anthu anagona m'mahema pafupi ndi Wall Street kutsutsa eni cuma. Anamveka dziko lonse, koma mahema atapasulidwa mabanki anatsala monga analiri. Ku Kenya mu June 2024 anyamata anakakamiza Pulezidenti Ruto kubweza lamulo la misonkho, ena atataya miyoyo yao, koma ngongole imene inabala lamulolo sinacoke. Kuno kwathu cipani ca Socialist Party ca Fred M'membe sicinapeze ngakhale voti imodzi pa 100 pa cisankho ca Pulezidenti mu 2021. Cifukwa cace si cakuti amphawi akondwa ndi umphawi wao ai. Ciphunzitso cimene cikhala m'mau olemera a Cingerezi mu Lusaka, osafika pa sikelo ya ku Vubwi, ciri ngati mbeu yosungidwa m'botolo: siola, koma simeranso.

Tsono nchito yatsalira inu. Mudziwa kuwerenga pepala la ngongole, mudziwa kuona ngati sikelo inama, mudziwa kuonkhetsa ndi kucotsera. Sonkhanitsani alimi a m'mudzi mwanu kuti agulitse pamodzi thonje, soya ndi nsawawa zao. Funsani kuti njira yoikira mtengo ilembedwe musanalandire mbeu. Mukamanga bungwe, mabuku ace awerengedwe poyera pamaso pa onse, ndipo msungicuma asankhidwe caka ndi caka, pakuti mabungwe ambiri a kale anafa cifukwa ca mabuku obisika.

Mwezi wa August uli wonse Acewa a m'maiko atatu asonkhana pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo palibe malire amene awaletsa. Anthu okhoza kugwirizana cotero pa mwambo sangalephere kugwirizana pa mtengo wa thukuta lao. Makolo anati cala cimodzi siciswa nsabwe. Mapesi tinasonkha kokwanira. Tsopano tipite kukatema nkhuni.