Musafulumire kutsegula injini mukamva kuti "magiya afa"

Nkhani yanga lero ndi ya njinga yamoto. Kuno kwa Chigaru njinga yamoto ndiyo minibasi yathu, ndiyo ambulansi, ndiyonso ngolo. Mukaima pa Lirangwe kapena pa Mdeka m'mbali mwa msewu wa M1 n'kuwayang'ana anyamata a kabaza, mupeza kuti ambiri ndi ana athu omwe, ena a iwo anakhoza bwino Fomu 4. Aphunzitsi ambirinso tinagula njinga pangongole kuti tizifika kusukulu belu lisanalire. Tonsefe pali mawu awiri amene timaopa kuwamva, akuti "magiya afa."

Maganizo anga ndi akuti nthawi zambiri tikamati magiya afa, magiyawo amakhala ali bwinobwino. Vuto limakhala panja: pa tcheni, pa chopondera magiya, pa waya wa klatchi kapena mu oyilo. Zonsezi mwini njinga angathe kuziona yekha pakhomo ndi masipanala atatu, rula ndi kansanza. Munthu wongoyamba kumene kukonza njinga yake aphunzire kufufuza kuchokera panja kulowa mkati, kuchokera pa chotchipa kupita pa chodula, ndipo adziwe polekezera.

Tiyambe tamvetsa njira imene mphamvu imadutsa. Imachokera mu injini, kulowa mu klatchi, kenaka m'magiya, kutulukira pa sipuroketi yaing'ono yakutsogolo, kuyenda ndi tcheni mpaka pa sipuroketi yaikulu, ndipo potsiriza tayala lakumbuyo limazungulira. Zili ngati mzere wa anthu opatsirana njerwa pomanga chipinda chophunziriramo. Mmodzi pakati akafooka, njerwa zimasowa kwa mmisiri, ndipo woonerera patali amadzudzula mmisiriyo. N'chimodzimodzi ndi magiya: amasenza milandu yambiri ya anzawo.

Njinga zambiri zimene zikuyenda kuno, zochokera ku China, injini zake zinatengera kapangidwe ka Honda CG125 imene inatuluka mu 1975. A Honda anaipangira dala mayiko ngati athu ano, kumene njinga imasenza katundu wolemera ndipo eni ake amachedwa kusintha oyilo. Ndi injini yosavuta kuimvetsa komanso yopirira. Magiya a injini yotere safa msanga ngati oyilo alipo ndipo ndi woyera. Ichi ndicho chifukwa china chimene ndikunenera kuti tiziyamba takayikira zina.

Chida choyamba ndi khutu ndi kope. Musanagwire sipanala, yankhani mafunso awa: vutoli likuchitika m'giya iliyonse kapena imodzi yokha? Injini ikazizira kapena ikatentha? Pachitunda, kapena ngakhale pamalo osalala? Muli nokha kapena mutanyamula? Linayamba mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono? Lembani mayankhowo. Vuto lopezeka m'magiya onse kawirikawiri limakhala la klatchi, tcheni kapena oyilo. Vuto la giya imodzi yokha ndilo limaloza mkati. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano gwadani muone tcheni, injini ili yozimitsa. Misewu yathu yochoka mu M1 kulowa m'midzi ndi yafumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kenaka matope. Fumbi likasakanikirana ndi oyilo limapala chitsulo ngati sandipepa. Imikani njinga pa sitandi yapakati, kankhani tcheni m'mwamba ndi pansi pakatikati pa masipuroketi awiriwo, muyeze ndi rula. Pa njinga zambiri zamtunduwu chimayenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30, ndipo kabuku ka njinga yanu kapena kapepala komatidwa pafupi ndi tchenicho kamanena muyezo weniweni. Zungulizani tayala muyeze malo angapo, chifukwa tcheni chakutha chimakhala chothina pena, cholendewera pena. Onaninso mano a sipuroketi. Akakhala osongoka ndi opindika ngati minga ya mtete, tcheni chimalumpha mukapatsa moto, ndipo kugwedeza kwake kumamveka ndendende ngati giya yathawa. Mankhwala ake n'kusintha tcheni ndi masipuroketi onse awiri nthawi imodzi, pakuti tcheni chatsopano pa mano akutha sichikhalitsa. Kapini kotsekera tcheni kaikeni mbali yake yotseka italoza kumene tcheni chikupita. Tsukani ndi palafini, pukutani, thirani oyilo pang'ono. Chonde musadzoze tcheni injini ikulira: zala zimapita kamodzi.

Mukadali pomwepo, gwirani sipuroketi yakumbuyo muigwedeze kutsogolo ndi kumbuyo tayala litaima. Mkati mwa habu muli timalabala totchinjiriza kugunda. Tikatha, njinga imagunda "gu!" nthawi iliyonse mukanyamuka kapena kusintha giya. Timalabalato ndi totsika mtengo, koma phokoso lake laopseza anthu ambiri kuti injini yatha.

Chachiwiri ndi chopondera magiya. Chimagwira pa kamtengo kachitsulo kokhala ndi timizere, ndipo chimamangidwa ndi bawuti imodzi. Bawutiyo ikamasuka, phazi limaponda koma kamtengoko sikazungulira mokwanira, giya imalowa theka n'kubwerera. Njinga ikagwapo, chopondera chimapindika n'kumakhudza chivundikiro cha injini. Mangani bawuti, wongolani chopondera. Musalole kuti wina achiwotcherere ku kamtengoko, chifukwa tsiku lofuna kuchimasula mudzachita kudula.

Chachitatu ndi klatchi, ndipo imadwala matenda awiri otsutsana. Oyamba ndi kuterereka: mukapatsa moto pachitunda muli m'giya yaikulu, injini imakuwa koma liwiro silikwera. Achiwiri ndi kukakamira: mwafinya chogwirira mpaka kumapeto koma njinga ikufunabe kuyenda, giya yoyamba ikulowa ndi phokoso, ndipo nyutulo ikuvuta kupeza injini ikulira koma ikupezeka msanga mukazimitsa. Matenda onse awiriwa yambani mwawafunafuna pa waya. Chogwirira klatchi chimayenera kusewera mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga kwake chisanayambe kukoka. Waya akathina kwambiri klatchi sigwira mokwanira, ndiye imaterereka. Akalendewera kwambiri klatchi sisiya mokwanira, ndiye imakakamira. Pali timanati tosinthira pafupi ndi chogwirira ndiponso kumunsi pa injini. Ntchito ya mphindi 10. Onaninso ngati wayayo wayamba kuthothoka tiulusi kapena wauma ndi dzimbiri.

Chachinayi ndi oyilo, ndipo apa ndipo ambiri timadzipweteka tokha. Pa galimoto, injini ili ndi oyilo wake, magiya wawonso, ndipo klatchi ndi youma. Pa njinga zathuzi injini, klatchi ndi magiya zonse zimasamba mu oyilo mmodzi, pafupifupi lita imodzi yokha. Akachepa kapena akada, magiya amalimba. Oyilo wina wopangidwira magalimoto amakhala ndi mankhwala oterera kwambiri amene amatererekesa klatchi ya njinga. Pogula, funani botolo lotsekedwa lolembedwa 4T ndi JASO MA, ndipo kulemera kwake kukhale kumene kabuku kanena. Oyilo wotungidwa m'chigubu n'kuthiridwa m'botolo la zakumwa simungadziwe kumene wachokera. Mukamasintha, khuthulirani wakaleyo m'beseni loyera, mupite nalo padzuwa, muyendetsemo maginito a sipika yakale ya wailesi. Kafumbi kochepa kachitsulo sikodetsa nkhawa. Tizidutswa tooneka ndi maso ndi uthenga woipa wochokera mkati.

Ngati waya ali bwino, oyilo ndi woyenera, koma klatchi ikutererekabe, mapuleti ake atha. Kunyamula anthu atatu kapena matumba a makala n'kumakwera zitunda klatchi itafinyidwa theka kumawatha msanga. Ntchito yosintha mapuleti ndiyo malire a munthu wongoyamba, ndipo ulendo woyamba aichite pali wodziwa pambali. Mumakhuthula oyilo, kutsegula chivundikiro chakumanja, kumasula mabawuti a masipuling'i pang'onopang'ono modumphitsa, ndi kuyala chilichonse pa katoni motsatira mmene chatulukira. Jambulani ndi foni musanachotse kanthu. Pali nati ina yofuna sipanala yakeyake. Ibwerekeni, musaimenye ndi tchizulo. Mapuleti atsopano aviikeni mu oyilo musanawaike, achitsulo agonekeni pagalasi muone ngati sanapindike, ndipo gasiketi ikhale yatsopano. M'chivundikiro chomwecho mulinso kasipuling'i kobweza chopondera magiya. Kakathyoka chopondera chimangogwa osabwerera, koma magiya alibe mlandu.

Polekezera ndi apa. Ngati zonsezi mwaziona koma giya imodzi, kawirikawiri yachiwiri, ikuthawabe mukapatsa moto, kapena mukumveka kukukuta m'giya imodziyo, kapena mwapeza zidutswa mu oyilo, ndiye kuti timano tokolera magiya tatha kapena foloko yokankha giya yapindika. Kuti mufikeko muyenera kutsitsa injini ndi kuigawa pakati. Muli timawashala topyapyala toti kamodzi kakasochera kapena kuikidwa polakwika, injini yonse imakana. Iyi ndi ntchito ya makaniko wokhala ndi zida ndi zaka. Kankhani njinga, kapena ikwezeni pagalimoto. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti ndikulanda nsima pakamwa pa amakaniko athu a pa Lirangwe, ku Lunzu ndi ku Chileka. Ine ndikuona mosiyana. Makaniko wabwino amasangalala ndi munthu wobwera n'kunena kuti "tcheni ndayeza, waya ndasintha, oyilo ndi watsopano, koma giya yachiwiri ikuthawa pachitunda." Theka la ntchito yofufuza latha, ndipo mkangano wa mtengo umachepa. Wodandaula ndi yekhayo amene amadyera umbuli wathu, wotsegula injini yonse chifukwa cha bawuti yomasuka. Enanso anena kuti munthu wosaphunzira umakaniko akagwira sipanala amaononga koposa. N'zoona kwa munthu woyambira mkati. Woyambira panja, wosintha chinthu chimodzi n'kuyesa asanagwire china, ali ndi zochepa zoti aononge.

Nkhaniyi ikukhudza thumba. Masipeyala onse a njinga amachokera kunja, ndipo kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mnyamata woyendetsa njinga ya bwana amayenera kupereka ndalama ya tsiku kaya njinga yayenda kaya yagona kugalaja. Ikukhudzanso moyo. Tcheni cholendewera chikavuka n'kukola tayala lakumbuyo pa M1, pakati pa mathiraki opita ku Mwanza ndi ku Lilongwe, ulendo umathera ku Queens kapena kumanda, ndipo kumbuyo kumakhala mayi ndi mwana.

Aphunzitsi anzanga, mbali yathu ndi iyi. Zonse ndalongosolazi ndi sayansi yomwe timaphunzitsa: kuona, kuganizira chifukwa, kuyesa chinthu chimodzi, kulemba zotsatira. Mu Physics timaphunzitsa za makina ndi magiya pojambula mabwalo awiri pabolodi, pamene njinga yeniyeni yaima pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi. Bwanji osatuluka nawo ana akawerenge mano? Sipuroketi yakutsogolo ikakhala ndi mano 14, yakumbuyo 42, yaing'onoyo imazungulira katatu kuti tayala lizungulire kamodzi. Afunseni chimene chingachitike yakumbuyo itakhala ya mano 45. Apeza okha kuti njinga ikoka bwino pachitunda koma liwiro lichepa, ndipo phunzirolo sadzaliiwala. Boma linakhazikitsa TEVETA mu 1999 ndipo linayamba kutsegula makoleji a luso a m'madera mu 2015, koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene timatulutsa chaka ndi chaka. Sukulu zathu zambiri zilibe chipinda cha Metalwork. Komabe kalabu ya Lachitatu masana, njinga imodzi ya mphunzitsi, masipanala ochepa ndi makaniko wa m'dera woitanidwa kamodzi pa teremu sizifuna chilolezo chochokera ku Capital Hill. Atsikana akhalemo, pakuti rula sisankha dzanja.

Kwa inu ophunzira anga akale amene muli pa kabaza, homuweki yanu nayi. Loweruka likubwerali, musanapite pa siteji, yezani tcheni, yezani kusewera kwa klatchi, mangani bawuti ya chopondera, onani oyilo njinga itaima chilili. Lembani manambalawo ndi tsiku lake kumapeto kwa kope lakale, ndipo muzibwereza sabata iliyonse. Tikakumana pamsewu mudzandionetse kopelo.