Njinga iposa galimoto

Ku dziko la France kuli mtsinje waukulu. Dzina lake ndi Loire. M'mbali mwake muli njira ya njinga yotalika makilomita 900. Alendo amapalasa njinga masiku ambiri, ena pamodzi ndi ana awo.

Njirayi imadutsa m'minda ya mphesa, zipatso zopangira vinyo. Kulinso minda ya tirigu ndi ya ndiwo zamasamba.

Ulendo wotere uposa wa pa galimoto. Galimoto imathamanga, minda imangodutsa m'maso. Wa pa njinga amaima, amalonjera alimi, amagula cakudya kwa iwo. Mlimi amapeza ndalama.

Koma mlendo asathyole mphesa osapempha, ngakhale zili pafupi ndi njira. Kumeneko ndi kuba! Mlimi amazisamalira caka conse, koma amakolola kamodzi kokha.