Tisadikire magazi kuti tikhulupirire mnzathu wodwala

Mnzathu wina ku hostel atatiuza kuti dokotala wamupeza ndi depression, mnyamata wina anaseka. "Amuyeza magazi? Malungo amaoneka pa kachipangizo. Uwu ndi ulesi basi." Tsiku limenelo ndinakhala chete, koma funso lakelo linandikhala pamtima.

Akatswiri anayesadi kufufuza matendawa m'magazi. Ubongo wa munthu wamoyo sungaudule n'kupita nawo ku labu, ndiye anatembenukira ku ma platelet, timaselo timene timaundanitsa magazi ukadzicheka. Kunja kwa timaseloti kuli ma receptor otchedwa alpha-2, amene amalandira adrenaline ndi noradrenaline. Ma receptor a mtundu womwewo alinso mu ubongo, kumene amagwira ntchito ngati mabuleki: noradrenaline akachuluka, amauza selo kuti lichepetse kumutulutsa. Ganizo linali lakuti mabulekiwa akamagwira mopitirira, noradrenaline amachepa ndipo munthu amafooka m'maganizo.

Mu 1981, Jesús García-Sevilla ndi anzake anayeza pogwiritsa ntchito clonidine, ndipo anapeza kuti odwala depression anali ndi ma receptor amenewa ochuluka pa ma platelet awo kuposa anthu osadwala. Koma ena atayeza ndi yohimbine, ambiri sanapeze kusiyana. Sizodabwitsa kwenikweni. Platelet si selo ya ubongo: imapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ilibe nyukiliyasi, ndipo imakhala masiku pafupifupi 10 okha. Mankhwala amene wodwala akumwa amathanso kusintha zotsatira. Mpaka lero, dokotala amapeza depression pomufunsa munthu ndi kumumvetsera.

Ine sindiona ngati ntchitoyi inapita pachabe. Mankhwala monga mirtazapine amatseka ma receptor a alpha-2 omwewa, ndipo amathandiza odwala ambiri. Matenda a maganizo amakhudza thupi lenileni, si kulodzedwa kapena kusapemphera.

Chimene ndikukana ndi maganizo akuti matenda ndi okhawo ooneka pa pepala la ku labu. Mutu waching'alang'ala suoneka m'magazi, koma palibe amene amauza woudwala kuti akunama. Mnzathu uja anasiya kupita m'kalasi, sankadya, usiku sankagona. Umboni unalipo, ife ndi amene tinkafuna wa mtundu wina.

Mnzako akakuuza kuti zinthu sizili bwino m'maganizo, usamufunse zotsatira za magazi. Mufunse ngati wadya, ndipo umuperekeze kuchipatala.