Aulumali Osowa Pogona: Nyumba Iyambire pa Malo

M'maparishi a Namitete ndi Nambuma, komanso m'midzi ya ku Nsaru, Kabudula ndi Mpingu, tikuona abale athu aulumali, anthu aakulu msinkhu, akugona m'makhonde a masitolo, m'zigafa za fodya ndi m'makhitchini a achibale. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo, oposa 10 ali ndi ulumali. Choncho nkhaniyi ikukhudza pafupifupi mbumba iliyonse.

Kawirikawiri mavutowa amayamba pa maliro. Mayi ali moyo, mwana wake wosaona kapena wosayenda amakhala ndi pogona ndi podya. Mayi akangotsikira kulichete, munda umagawidwa, ndipo mwinimbumba amauiwala mwambo wathu wakuti mbumba siitaya munthu. Ati wolumala sangalime, nanga munda ngwachiyani kwa iye? Mwamuna amene adakakhala chikamwini, nkulumala atakula, nthawi zina amabwezedwa kwao, kumene malo ake adatengedwa kalekale. Ife tikunena mosapsatira kuti kumeneku ndi kulanda, ngakhale kuchitike pakati pa abale.

Sitikukana kuti boma layesapo. Mtukula Pakhomo, amene adayamba ku Mchinji mu 2006, amathandiza kugula mchere ndi sopo, koma samanga nyumba. Ndondomeko ya malata ndi simenti otsika mtengo ya 2014 kwakukulu inali ngongole, ndipo wopanda malo ndi njerwa idampitirira. Nyumba zimene boma lamangira ena a khungu lachialubino ndi zoyamikika, koma ndi zochepa. Ndime 20 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo mu 2024 tidalandira lamulo latsopano loteteza aulumali. Komabe lamulo losadziwika kumudzi silifolera denga.

Tikumbukire zimene mfumu Davide adachitira Mefiboseti, wopunduka miyendo uja, pa 2 Samueli 9. Sadangomuitanira ku chakudya ayi; adamubwezeranso minda yonse ya agogo ake Saulo. Nyumba yomangidwa pamalo a mwini wake wina ndi msasa chabe, pakuti wothandiza akachoka, wolumala amatulutsidwa, malata nkutsala ndi ena.

Nchifukwa chake tikupempha mafumu, makhansala ndi Khonsolo ya Lilongwe kuti, potsata lamulo la malo a makolo la 2016, gawo la munthu waulumali lilembedwe m'dzina lake iye mwini, osati la womusamala. Maina a olandira nyumba aziwerengedwa pabwalo, anthu onse akumva, popanda kufunsa chipani. Ndipo inu a m'miphakati, chilimwe chino lembani maina a onse osowa pogona m'dera lanu, mukaonane ndi anyakwawa za malo, ndipo musanaumbe njerwa mufunse mwini nyumbayo kumene akufuna kukhala, kukula kwa khomo loti njinga yake ilowe, ndi pamene chimbudzi chikumbidwe.