Kalata ya Kutali Iyenera Kufika

Munthu wa pa nchito m'tauni, kaya ndi ku Blantyre, ku Harare kapena ku Johannesburg, masiku ano atumiza ndalama kwao pa lamya ya m'manja, ndipo zifika tsiku lomwelo. Poona ichi ena anena kuti positi yatha nchito, ndi kuti Boma lisatayenso ndalama pa magalimoto onyamula makalata. Maganizo otere ngolakwa. Lamya siingasenze phukusi la zobvala za ana, kapena setifiketi ya sukulu, kapena mankhwala a nkhalamba. Zinthu izi zifuna galimoto, njinga kapena sitima.

Positi inayamba m'chaka cha 1891 m'dziko limene lero litchedwa Malawi. Masiku amenewo makalata anali kuyenda ndi amtengatenga, amuna oyenda pansi amene anali kulandizana matumba pa malo opumulira. Nyumba yao ina ya ku Namaka, pa mseu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, inasandutsidwa mosungiramo mbiri yao. Thumba lidzale, lisadzale, mtengatenga anali kunyamuka pa tsiku lake, pakuti womlipira anali Boma.

Ku nyanja nchito yomweyo inagwera sitima. Ilala inayamba maulendo ake mu 1951, kuchokera ku Monkey Bay kunka kumpoto, niima pa Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe. Ku Ruarwe munthu afikako pa madzi kapena pansi. Sitima ikakhala pa doko kuti ikonzedwe, katundu adikira, kapena aoloka pa mabwato ang'ono amene mwera uwaopsa.

Wamalonda sangapite ku malo otere mwa kufuna kwake, chifukwa mafuta a ulendo aposa mtengo wa masitampa. Kuyambira 1840, pamene dziko la Britain linatsata nzeru ya Rowland Hill, mwambo wa positi ndi wakuti kalata ilipidwe mtengo umodzi, ipite pafupi kapena kutali. Phindu la makalata ambiri a m'tauni ndilo linali kulipirira kalata imodzi ya kumudzi. Tsopano makalata a m'tauni achepa, ndipo phindu lija lachepa nao. Wotseka mpata umenewu ndi Boma basi. Ku Australia boma lilipirira ndege zopereka makalata mlungu ndi mlungu ku madera akutali, ndipo siliyesa ndalamazo zotayika.

Palinso nkhani ya nyumba. Positi ofesi ya kumudzi, chipatala chaching'ono ndi nyumba za aphunzitsi nchuma cha Boma. Woyang'anira wopanda galimoto sangaone lata limene lazuka kapena chiswe chimene chalowa m'mitanda. Chimene chikadakonzeka ndi misomali yowerengeka chidikira zaka, kufikira denga lonse ligwa. Galimoto imodzi yonyamuka pa boma tsiku lodziwika mlungu uli wonse ingathe kutenga thumba la makalata, mankhwala ndi mmisiri pa ulendo umodzi. Chofunika nchakuti maunduna agwirizane, ndi kuti ndalama ya mafuta ilembedwe payokha, osaipatutsira kwina.

Wa pa nchito adulidwa msonkho mwezi ndi mwezi malipiro asanafike m'manja mwake. Ali ndi ufulu wofunsa phungu wa kwao kuti galimoto ya makalata inafika liti komaliza ku mudzi wa amai ake, ndipo phunguyo ayenera kuyankha ndi tsiku lake.