Botolo la Mankhwala a Thonje Silitha Poizoni

Pamene dziwe la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi mu February 2025, asidi anatsikira mu mtsinje wa Kafue, nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Vubwi ali kutali ndi Kafue, koma nakonso poizoni alipo, ndipo amalowa m'nyumba mwakacetecete, m'botolo la mankhwala opopera thonje.

Kupopera kukatha, botololo limaoneka lolimba bwino. Mai amasungiramo mcere kapena mafuta ophikira, mwana natungira madzi ku dimba. Komatu sopo sacotsa mankhwala amene analowerera m'pulasitiki.

Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuti botolo litsukidwe katatu, madziwo athiridwe m'pampu ndi kupoperedwa m'munda momwemo, kenaka libooledwe. Kulitentha nkoopsa, pakuti utsi wake ndi poizoninso.

Cobvuta cili apa: lamulo la 2011 linapatsa bungwe la ZEMA udindo woyang'anira zinyalala zoopsa, koma mlimi wa kumudzi akaboola botolo, akalipereke kuti? Makampani okongoza alimi mankhwala amatumiza malori kudzatenga thonje. Malori omwewo angathe kunyamulanso mabotolo ao.